Akuti mamendulo a agogo a ku Burma ndi feki chifukwa alibe dzina. Zoona?

Nangozo wa ku Zomba: Akuluakulu, ndipatseniko nzeru. Tikulongedza katundu m'nyumba ya malemu agogo aamuna tapeza kachitini ka mabisiketi pansi pa sutikesi. M'katimo muli nyenyezi zitatu zamkuwa, ina yalembedwa THE 1939-1945 STAR, ina THE AFRICA STAR, ina THE BURMA STAR. Mulinso mendulo yozungulira yotuwa ya mkango utaponda chilombo, baji ya pachipewa ya lipenga, kansalu ka mutu wa chipembere, ndi mendulo ina yakuda bii yolemererapo imene sindikutha kuiwerenga bwino. Agogo anali a Keyala, izi ndiye mudzi wonse ukudziwa. Tsono kwabwera bambo wina wogula zinthu zakale, wazitembenuzatembenuza, akuti zonsezi ndi feki chifukwa mendulo yeniyeni imakhala ndi dzina la mwini wake kumbuyo. Koma akuti angotithandiza, atenga chitini chonse pa mtengo wa zitsulo zakutha. Amalume ayamba kale kufewa. Zithunzi ndi izo.

Wa Ziboliboli: Achemwali, munthu akati katundu wanu ndi feki koma dzanja lili kale m'thumba kufuna kumugula, ndiye kuti waona kanthu. Ntchito yathu ndi yomweyi, timadziwana. Auzeni amalume akhwime kaye.

Chisale ku Leeds: Mayi Nangozo, bambo ameneyo mwina sadziwa, mwina akudziwa bwino kwambiri. Mamendulo a nkhondo yachiwiri, 1939 mpaka 1945, boma la Britain linawapereka opanda mayina. Mzungu wa ku Leeds kuno amene anamenya nkhondo ku Burma analandira nyenyezi yosalala kumbuyo ngati yanuyo, msilikali wa Keyala chimodzimodzi. Amene ankadinda mayina anali a South Africa, India ndi Australia. Ndiye kusalala kwa kumbuyoko si umboni wa chinyengo, ndi mmene ziyenera kukhalira. Ndikanadabwa ndikanapeza dzina.

Chitani izi. Tengani lula. Nyenyezi iliyonse ikhale mamilimita 38 m'lifupi, ndi 50 kuchokera pansonga yapansi kukafika pamwamba pa kabowo kolowetsa mphete. Mendulo yozungulirayo ndi War Medal, ikhale mamilimita 36. Kenako mujambule pafupi kwambiri, masana panja, pakati pa nyenyezi pamene pali zilembo za mfumu GRI ndi VI. Ndikufuna ndione ngati zilembozo zili zakuthwa kapena zofufuma.

Phiri wa ku Joni: Za South Africa ndivomereze. Pamisika ya zinthu zakale kuno ku Johannesburg nyenyezi zomwezi zimapezeka zili ndi nambala ndi dzina kumbuyo. Za anthu akuda a Native Military Corps nambala yake imayamba ndi N, za Cape Corps ndi C. Mwina wogula wanuyo anazolowera zimenezi. Koma Keyala sinali pansi pa Pretoria.

Sajeni Wopuma: Mwana wanga, chitini chimenecho chikufotokoza ulendo wa munthu, ndipo ulendowo ukumveka. Africa Star sinali ya ku chipululu cha Libya kokha ayi, ankalandiranso amene anamenyana ndi Ataliyana ku Somaliland ndi ku Abyssinia, Ethiopia ya lero, mu 1940 ndi 1941. Anyamata a kwathu analiko: 1 KAR, kutanthauza gulu loyamba la Keyala (King's African Rifles), inali ku Moyale mu July 1940, 2 KAR inali ku British Somaliland mu August chaka chomwecho. Chipemberecho ndi chizindikiro cha 11th East African Division, imene inatsika chigwa cha Kabaw ku Burma mu 1944 m'kati mwa dzinja, matope ndi malungo, mpaka kukafika pa mtsinje wa Chindwin. Ndiye Africa Star, Burma Star ndi chipembere zikugwirizana. Mukanatulutsa Atlantic Star, ya anthu a panyanja, ndikanafunsa kuti agogowo sitima anaikwerera kuti.

Kamnyamata: Ine funso langa ndi limodzi, zigwira maginito? Anthu amati zakale zenizeni zimakoka singano ndipo m'kati mumakhala mekyule yofiira ya mamiliyoni.

Admin: Kamnyamata, za mekyule ndi za mbaula za ku Germany tinaletsa pagulu pano. Anthu anagulitsa ng'ombe chifukwa cha nthano zimenezo. Tibwerere ku mamendulo.

Chisale ku Leeds: Za maginito zokha ndiyankhe chifukwa zili ndi ntchito. Nyenyezizi ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki, War Medal ndi mkuwa wosakaniza ndi nikelo, zakale za nkhondo yoyamba zina ndi siliva. Palibe chimene chiyenera kumata pa maginito. Ikamata, yagwa mayeso. Koma ikapanda kumata sikuti yakhoza, chifukwa opanga feki nawonso amagwiritsa ntchito mkuwa.

Mmisiri wa ku Ndirande: Ndilowererepo, zazitsulo ndiye kwathu. Pali njira ziwiri zopangira kanthu ngati aka. Yoyamba ndi kudinda: chitsulo chozizira chimaikidwa pakati pa zidindo ziwiri zolimba, makina n'kutsindira ndi mphamvu. Chotuluka chimakhala chakuthwa, chilembo chilichonse chili ndi ngodya zake, ndipo ngati ndi baji yopyapyala, kumbuyo kumaoneka chithunzi chomwecho cha kutsogolo koma cholowa m'kati. Yachiwiri ndi kuthira, ngati mmene timapangira mapoto a aluminiyamu kuno: utenga choyambirira, uchidinda mumchenga wonyowa, uchotsa, uthiramo chitsulo chosungunula. Chothira sichibisala. Khungu lake limakhala la timabowo ting'onoting'ono ndi timatuza, zilembo zimafufuma, kumbuyo kumakhala kwa mchengamchenga, m'mbali mumaoneka mzere pamene zikombole zinakumana kapena mikwaso ya tupa pamene mmisiri amafafaniza mzerewo. Chinanso, chitsulo chikamazizira chimakhwinyata, ndiye chokopera chimachepa pang'ono poyerekeza ndi chimene anakoperacho. N'chifukwa chake achimwene a ku Leeds akufuna lula.

Nangozo wa ku Zomba: Ndayeza. Nyenyezi zonse zitatu 38 ndi 50, yozungulira 36. Maginito a sipika sakugwira ngakhale chimodzi. Zithunzi zapafupi ndi izi, ndi kumbuyo kwa baji ya lipenga ija.

Chisale ku Leeds: Nyenyezizo ndilibe nazo chikaiko. Zilembo zakuthwa, timadontho ta pansi pa zilembo za mfumu tikuoneka bwinobwino, nsonga zatha mofanana ndi chinthu chimene chakhala chikugundana ndi zinzake pachifuwa. Koma ndikuuzeniretu kuti mitima isakwere: nyenyezi zimenezi zinapangidwa zambirimbiri, ndipo chifukwa zilibe mayina mtengo wake kuno ndi mapaundi ochepa, Burma Star ndiye imakwererako pang'ono. Pa nyenyezi zonse za nkhondo imeneyo imene anthu amalimbikira kukopera ndi Air Crew Europe Star, ya oyendetsa ndege, chifukwa ndi yosowa ndipo imafika mapaundi mazanamazana. Munthu wanzeru zake sangatuluke thukuta kupanga feki ya 1939-1945 Star kuti akaibise m'sutikesi ya nkhalamba ku Zomba.

Amene alipo ambiri ndi makope ogulitsidwa poyera kwa anthu amene anataya awo. Ambiri mwa amenewo amadindidwa COPY kumbuyo. Mukaona malo amodzi kumbuyo kwa nyenyezi akuoneka opalidwa, kaikirani kuti wina anafufuta liwu limeneli.

Mmisiri wa ku Ndirande: Baji ya lipengayo ndiye yodinda, kumbuyo kukuonetsa. Timiyendo take tiwiri anawotcherera ndi mkuwa, osati mtovu. Mtovu umaoneka wotuwa ngati phala ndipo umakhala chibulumwa. Ntchito yabwino iyi.

Sajeni Wopuma: Yabwino inde, koma tayang'anani chisoti chachifumu chili pamwamba pa lipengalo. Chalowa pakati, mapewa atukuka mbali zonse. Chimenecho ndi cha Mfumukazi Elizabeth. Cha bambo ake, George VI, chinali chozungulira pamwamba, chosalowa pakati. Elizabeth analowa ufumu mu 1952, ndiye baji iyi sinapondeko ku Burma. Anthu amasokonezeka chifukwa dzina silinasinthe, inakhalabe King's African Rifles ngakhale pampando panali mayi, mpaka 1964 pamene 1 KAR inasanduka 1st Battalion ya Malawi Rifles.

Nangozo wa ku Zomba: Iii, ndiye baji ndi feki, bambo?

Sajeni Wopuma: Ayi mwana wanga. Ndi yeniyeni, koma ya nthawi ina. Zinthu ziwiri zosiyana zimenezi. Mwina agogowo analowanso usilikali itatha nkhondo, ambiri anatero. Mwina anapatsidwa ndi mnzawo kuti azivala pa mwambo wa November pa chipilala cha Keyala ku Zomba konko. Feki ingabadwe pokhapokha wina ataigulitsa akunena kuti inavalidwa ku Kabaw.

Nangozo wa ku Zomba: Ndafunsa mayi anga. Akuti ali mwana ankamva kuti bambo awo anapitanso ku Malaya, ndipo anabwerako ndi wotchi.

Mphunzitsi wa Mbiri: Ndiye zalumikizana. 1 KAR inali ku Malaya mu 1952 ndi 1953, 2 KAR inakalowa m'malo mwake mpaka 1954. Ngati anapitadi, payenera kukhala General Service Medal yokhala ndi kachitsulo kopingasa kolembedwa MALAYA, riboni yake yofiirira m'mbali, yobiriwira pakati. Imeneyo ndiye imakhala ndi nambala ndi dzina m'mphepete. M'chitini mwanu mulibe. Funsani kwa azakhali ndi ana a nyumba zina, pamaliro zinthu zotere zimagawidwa ngati malaya.

Mbewe wa ku Chipata: Moni a kwathu. Ine ndili ndi baji ya Northern Rhodesia Regiment, ya mbalame ija ya nthenga pamutu, inali ya asikulu a bambo anga. Koma malinga ndi zimene afotokoza a ku Ndirande, yangayi ndi yothira. Kumbuyo kuli gwaa, kwa mchengamchenga. Ndiye ndiitaye?

Chisale ku Leeds: Musataye, a Mbewe. Apa ndi pamene anthu ophunzira lamulo limodzi amalakwitsa. Pa mabaji a magulu a ku England, yothira imakaikitsa chifukwa mafakitale a ku Birmingham ndi London, monga Gaunt ndi Firmin, ankadinda. Koma asilikali a ku Africa kuno nthawi ya nkhondo katundu wa ku Ulaya sankawafika bwino, sitima zikumizidwa panyanja. Mabaji ambiri ankapangidwa konko kumene gulu lili, ku East Africa, ku Egypt, ku Ceylon, ku India, ndi amisiri a pamsika, ndipo njira yawo inali yomweyo ya mchenga. Ndiye pa Keyala ndi Northern Rhodesia Regiment, yothira ikhoza kukhala yeniyeni kuposa yokongola.

Ndipo mbali inayo ilinso ndi msampha. Zaka za m'ma 1970 osonkhanitsa mabaji atachuluka, zidindo zakale zenizeni zinatulutsidwa n'kuyamba kudindanso mabaji atsopano ogulitsa. Yoteroyo ndi yakuthwa bwinobwino, nthawi zina ili ndi dzina la fakitale kumbuyo, koma sinakhalepo pachipewa cha msilikali aliyense. Ndiye yodinda si umboni, yothira si mlandu.

Mbewe wa ku Chipata: Nanga tsono munthu adziwa bwanji? Mwatsegula zitseko zonse.

Chisale ku Leeds: Mumayang'ana kutha kwake. Baji imene inagwira ntchito inkapukutidwa tsiku ndi tsiku, ndiye malo otukuka amasalala mpaka nthenga za mbalameyo kufafanizika, pamene m'makona ndi kumbuyo mumatsalira mankhwala opukutira ouma, otuwa. Timiyendo timapindika pang'ono, timabowo take timakula chifukwa cha pini. Yokalambitsidwa dala imatha paliponse mofanana, kapena imada paliponse mofanana, chifukwa anainyika m'mankhwala kapena kuikwirira. Inunkhizeni, ina imamveka asidi. Komabe ndisakunamizeni, pa yothira palibe katswiri angalumbire ndi chithunzi chokha. Chimene chimapulumutsa yanuyo ndi choti mukudziwa m'nyumba imene yachokera. Ikanakhala ya pa intaneti, ndikanati mugule pa mtengo wa kope.

Wa Ziboliboli: Zokwirirazo musachite kunena, ndaziona ndi maso. Mnyamata amatenga chinthu chopangidwa mwezi watha, amachipaka polishi wa nsapato wakuda, amachiika padenga la khitchini chilowe utsi, pakatha milungu ingapo chakalamba zaka 80. Wina anandibweretsera mtanda wachitsulo wa Ajeremani akuti anaufukula ku Karonga pamene panachitikira nkhondo. Kuutembenuza, pansi palembedwa 1939, pakati chizindikiro cha Hitler. Ndinangomufunsa kuti kodi Hitler anafika liti ku Karonga.

Mphunzitsi wa Mbiri: Haha, nkhondo ya ku Karonga inali pa 9 September 1914. Iron Cross ya nthawi imeneyo ili ndi chisoti chachifumu pamwamba, W pakati, 1914 pansi, ndipo kumbuyo kuli masamba ndi 1813. Kamnyamata, apa pokha ndi pamene maginito ako ayenera kugwira, chifukwa pakati pake ndi chitsulo chakuda chotsekeredwa mu felemu yasiliva ya zidutswa ziwiri. Ukayang'ana m'mbali umaona msoko pamene zidutswazo zinalumikizidwa. Yopangidwa ndi chitsulo chimodzi n'kupakidwa penti ndi ya alendo odzaona malo.

Nangozo wa ku Zomba: Nanga kansalu ka chipembere? Wogula uja anati ako ndiye kachabechabe, tikhoza kupatsa ana.

Chisale ku Leeds: Musapatse ana! Kansalu kameneko kakhoza kuposa nyenyezi imodzi mtengo, chifukwa nsalu zambiri zinadyedwa ndi njenjete. Zansalu zimakopedwanso kwambiri, ndipo poyesa pali njira ziwiri. Pezani tochi ija amayesera ndalama za pepala, muunike mumdima. Ulusi woyera wa masiku ano umawala mobiriwira ngati buluu chifukwa cha mankhwala oyeretsera amene anafala itatha nkhondo, wakale suwala. Koma ngati kanachapidwapo ndi sopo waufa, kadzawala ngakhale kali kenikeni. Njira ina, ngati pali ulusi wolendewera kale, dulani kachidutswa mukayatse pambali. Thonje limapsa n'kusiya phulusa, ubweya umanunkha tsitsi, nayiloni imasungunuka n'kupanga kampira kolimba. Musasolole ulusi dala. Kanu kakuoneka timabowo ta singano m'mbali, ndiye kuti kanasokedwapo pa malaya n'kusomoledwa.

Sajeni Wopuma: Tonse tikuzungulira, koma ya yakuda ija palibe wanenapo. Mwana wanga, ijambule mbali zonse, makamaka m'mphepete mwake mozungulira. Ndikuganiza kuti wogula wanu anabwerera imeneyo.

Nangozo wa ku Zomba: Ndaipukuta pang'ono ndi kansalu kouma. Kutsogolo kuli mfumu ya ndevu itavala yunifomu. Kumbuyo mayi waima ndi mkango, pansi palembedwa AFRICA. Pamwamba pali kachitsulo kopingasa, NYASALAND 1915. M'mphepete muli nambala, kenako PTE, kenako dzina limodzi lokha, kenako 1/K.A.R. Dzinalo ndi la bambo awo a agogo! Ndi dzina limene banja lathu limatchulidwa nalo mpaka lero. Riboni yatsala kachidutswa, yachikasu, m'mbali mwakuda, timizere tobiriwira.

Wa Ziboliboli: Ndinanena ine. Mendulo yopanda dzina akuti ndi feki, ya dzina sanaitchule n'komwe.

Chisale ku Leeds: Imeneyo ndi Africa General Service Medal, yasiliva, mutuwo ndi George V. Kudako ndi mmene siliva amachitira akakhalitsa. Iyi ili m'gulu lina kotheratu ndi nyenyezi zija, chifukwa ili ndi dzina ndipo anailandira anthu ochepa. Pa mtundu uwu ndi pamene akuba amagwirira ntchito mwaluso, ndiye ndifotokoze zimene wogula woona angayang'ane.

Choyamba dzina. Zilembo za boma zinkadindidwa chimodzichimodzi, zazikulu zokhazokha, zakuya mofanana. Wachinyengo amatenga mendulo yeniyeni ya munthu wina, amapala dzina ndi tupa, n'kulembapo lina la mtengo. Akatero m'mphepete mumapyapyala pamalo amenewo, ndipo mukayeza kupingasa mbali zosiyanasiyana 36 uja sakwana paliponse. Nthawi zina mithunzi ya zilembo zakale imaoneka pansi pa zatsopano mukapendeketsa padzuwa.

Chachiwiri kachitsulo ka NYASALAND 1915. Mendulo yomweyi inaperekedwa ndi tizitsulo tosiyanasiyana, monga SOMALILAND 1902-04, JIDBALLI, mpaka KENYA ya m'zaka za m'ma 1950. Ena amachotsa kofala n'kuikapo kosowa. Yang'anani timisomali tomangira m'mbali: ta boma ndi taudongo, tofanana, todera limodzi ndi mendulo. Tikakhala tophwanyidwa ndi hamala kapena pali mtovu, pafunika mafunso. Komanso mutu wa mfumu ugwirizane ndi chaka. NYASALAND 1915 pa mutu wa Edward VII, amene anamwalira mu 1910, payenera kukhala chifukwa chomveka, monga kuti munthuyo anali nayo kale mendulo ya nkhondo yam'mbuyo. Pa mutu wa Elizabeth ndiye bodza lamkunkhuniza.

Chachitatu, ndipo ichi chimaposa zonse, mabuku. Mayina a olandira analembedwa, ndipo mabukuwo ali ku National Archives ku Kew, ku London. A mendulo iyi ali m'gulu la WO 100, a nkhondo yoyamba ali mu WO 329. Nambala, dzina ndi kachitsulo zikagwirizana ndi buku, nkhani yatha. Nditumizireni nambalayo kumbali, musaiike pagulu.

Mphunzitsi wa Mbiri: Ine ndine wa ku Chiradzulu, ndiye mundilole ndinene chimene kachitsuloko kakutanthauza, poti tikungokamba za timisomali. NYASALAND 1915 si ya nkhondo yolimbana ndi Ajeremani. Inaperekedwa kwa amene anathetsa kuukira kwa John Chilembwe, kumene kunayamba pa 23 January 1915. Chilembwe anaphedwa pa 3 February, tchalitchi chake ku Mbombwe chinaphwasulidwa, omutsatira ambiri ananyongedwa kapena kuwomberedwa. Miyezi iwiri m'mbuyo mwake iye yemweyo anali atalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akukafera nkhondo imene si yawo. Ndiye mendulo iyi ndi mphotho ya kusaka munthu amene nkhope yake tili nayo pa ndalama, amene timamukumbukira pa 15 January. Sindikunyoza banja lanu, mayi. Ndikungoti mudziwe chimene mwagwira.

Sajeni Wopuma: Aphunzitsi, msilikali sasankha kopita. Mnyamata wa nambala, wa dzina limodzi, amene mwina analowa Keyala kuthawa msonkho ndi thangata, mukufuna akanakana lamulo la mzungu wa mfuti mu 1915? Akanamuwombera pomwepo. Ndipo musaiwale kuti ndi anyamata omwewo amene anatha ku German East Africa mpaka mkulu wa asilikali a Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anagonja ku Abercorn, Mbala ya lero, pa 25 November 1918.

Mphunzitsi wa Mbiri: Sindikutsutsa, bambo Sajeni. Ndipo amtengatenga amene ananyamula katundu wa nkhondo ya Chiwaya, nkhondo yoyamba ija, ochuluka kuposa asilikali kutalitali, ambiri sanalandire ngakhale kachitsulo. Mfundo yanga ndi yoti chinthu chotere chisakathere m'kabati ya munthu ku Ulaya pa mtengo wa zitsulo zakutha. Mbiri ya Chilembwe tili nayo yambiri kuchokera m'mapepala a azungu. Chogwirika chochokera m'nyumba ya Mmalawi amene anali mbali inayo n'chosowa.

Nangozo wa ku Zomba: Mutu waima. Kunyumba nkhani imene timaidziwa ndi ya Burma basi, ya 1915 palibe anaitchulapo. Mwina n'chifukwa chake inali pansi penipeni yokulungidwa m'kansanza. Amalume ndawawerengera zonse, angoti kukamwa yasa. Koma akufunsabe kuti ndiye ingagulidwe zingati.

Chisale ku Leeds: Auzeni amalume kuti mtengo weniweni umadziwika mabuku akatsimikiza, ndipo kuti yokhayo ikuposa zina zonse za m'chitinimo kuziphatikiza. Ndisatchule nambala pano, mawa angadzuke atagulitsa. Chimene ndingawapemphe ndi choti asamwaze. Zinthu za bambo ndi mwana wake, onse a Keyala, nkhondo ziwiri, zikakhala pamodzi ndi mapepala zimalemera kuposa kugulitsa chimodzichimodzi. Ndipo nyenyezi zopanda dzina zija zikangochoka m'chitinimo, palibenso adzadziwe kuti zinali za yani. Funani kabuku kotulukira usilikali, chithunzi atavala yunifomu, kalata ya penshoni, chilichonse cha nambala yawo.

Komanso ngati agogo aakuluwo anali mu 1 KAR mu 1915, n'kutheka kuti analandiranso 1914-15 Star, British War Medal ndi Victory Medal. Zitatu zonsezo zimakhala ndi dzina, nyenyezi kumbuyo, zinazo m'mphepete. Zikhoza kukhala kwa achibale.

Phiri wa ku Joni: Mukafufuzenso kwa ovina. Kwathu ku Nkhata Bay mamendulo enieni ndinawaonera pa malipenga, mfumu ya gule itawapachika pachifuwa pamodzi ndi mabaji a sukulu ndi zotsekera mabotolo. Beni ndi mganda chimodzimodzi. Magule amenewa anatengera perete wa asilikali, ndiye zinthu za agogo zambiri zinathera kumeneko.

Admin: Ndikumbutse kuti dziko lino lili ndi lamulo la Monuments and Relics loteteza zinthu zakale. Musanaganize zotumiza kunja, kafunseni ku nthambi ya boma yoona za ma museum ndi zipilala, kapena ku museum ya Chichiri. Poti muli ku Zomba, National Archives ili pakhomo panu, ndipo a VELOM, bungwe la asilikali akale, akhoza kukulozerani kumene kuli mabuku a Keyala. Ndachotsanso ndemanga ziwiri za anthu amene amafuna nambala ya foni ya mayiwa kuti "awathandize kugulitsa".

Sajeni Wopuma: Chatsala ndi kuzikonza. Mendulo ya msilikali siikhala yakuda choncho, ndi manyazi. Brasso pang'ono, kansalu kofewa, maliboni atsopano, November uno mdzukulu azivale kudzanja lamanja pa chipilala. Za mwini wake zimavalidwa kumanzere, za kholo kumanja. Ndondomeko yake 1939-1945 Star, Africa Star, Burma Star, kenako War Medal.

Chisale ku Leeds: Bambo Sajeni, pa ndondomeko ndi pa dzanja lamanja ndagwirizana nanu, koma Brasso ayi, chonde. Mankhwala amenewo amadya chitsulo, ndipo pa siliva wa zaka zoposa 100 chimene chimayamba kutha ndi ndevu za mfumu ndi zilembo za dzina, zomwe zija tikudalira. Phulusa, mandimu, mchenga, waya wotsukira mapoto, zonsezo ayi. Madzi ofunda ndi sopo wamba pang'ono, kuumitsa bwino, basi. Maliboni akale asatayidwe ngakhale atang'ambika, asungidwe mu envelopu. Ofuna kuvala pa perete agule makope, alipo otchipa.

Sajeni Wopuma: Inu a ku Leeds mumasunga zinthu m'magalasi. Ife tinaphunzitsidwa kuti chosawala ndi cha msilikali waulesi. Kuvala kope pamaso pa chipilala cholembedwa mayina a anzawo a agogowo, ine ayi. Koma pa yasilivayo ndagonja, isakhudzidwe. Nyenyezi zokha ndiye azipukute.

Mmisiri wa ku Ndirande: Ngakhale nyenyezizo, madala, zinapangidwa kuti zikhale zoderako, osati zonyezimira ngati chitseko cha banki. Mayi Nangozo, chitinicho chokha ndiye musinthe, ndaona dzimbiri pansi pake pa chithunzi chachiwiri. Chilichonse muchikulunge pachokha m'kansalu ka thonje, osati m'pepala la pulasitiki, limasunga chinyezi.

Mbewe wa ku Chipata: A Chisale, ndakutumizirani kumbali zithunzi za kumbuyo kwa mbalame yanga ija. Kamwendo kamodzi kanathyoka kale, wina anakamangira ndi waya wa kopa. Ndikawotcheretse kapena ndikasiye choncho?

Chisale ku Leeds: Kasiyeni ndi waya wakewo. Moto wa kuwotcherera usintha mtundu wa mkuwa wonse, ndipo mawa wina adzati mwendo watsopano, baji yatsopano. Mujambulenso pafupi pamene wayayo wadya mkuwa, chithunzi chachitatu chija chatuluka mbuu.